Kompyuta ikamachedwa kuyaka: mmene mungaletsere mapulogalamu odzitsegula okha

Malaputopu ambiri amene timagwiritsa ntchito muno mu Lilongwe sitinawagule atsopano. Ndi ma HP, ma Dell ndi ma Lenovo amene anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja, ndipo amatipeza kudzera m'mashopu a ku Old Town kapena kwa anyamata a geni ya makompyuta m'makomboni. Wogulitsa amakuikiranimo chilichonse chimene ali nacho pa fulashi yake, IDM (yotsitsira mafayilo pa intaneti), uTorrent, SHAREit, Smadav, Adobe Reader, Zoom, n'kukuuzani kuti ndi basela. Inunso mumawonjezera zanu. Pakatha miyezi ingapo laputopu ija imayamba kukudikiritsani, mwalemba kale pasiwedi koma kalikonse mukadina sikatseguka.

Nthawi zambiri kompyutayo siinawonongeke ayi. Mapulogalamu ambiri, pamene mukuwaika, amadzilembetsa pa mndandanda wa zinthu zimene Windows iyenera kutsegula ikangoyaka. Ena safunsa n'komwe. Ena amafunsa m'kabokosi kamene achongamo kale, inu n'kumangodina Next mpaka kumapeto. Tsono kompyuta ikayaka onsewo amathamangira hard disk (disiki yosungira mafayilo) ndi RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo) nthawi imodzi, ngati anthu olimbirana khomo la minibasi pa depoti nthawi yoweruka, ndipo kalata imene mukufuna kutsegula mu Word imadikira iwo athane kaye. Pa laputopu ya RAM ya 4 GB ndi hard disk yozungulira ija, zimenezi zimamveka kwambiri. Choipa china n'chakuti ena mwa iwo akangodzuka amalowa pa intaneti, bandulo ya Airtel kapena TNM n'kumatha inu musanatsegule tsamba ngakhale limodzi.

Ntchito yonseyi safuna kugula kanthu. Chofunika n'kudziwa malo amene mapulogalamuwa amadzilembetsa, chifukwa si amodzi, ndiponso kuletsa m'malo mofufuta.

Musanakhudze kanthu

Tengani foni, yesani nthawi kuyambira pamene mwadina batani loyatsira mpaka pamene mwatha kutsegula fayilo bwinobwino. Lembani penapake. Popanda nambala imeneyi mudzangoganizira kuti zasintha kapena ayi.

Kenako yang'anani m'munsi mwa sikirini, kudzanja lamanja, pafupi ndi wotchi. Pali kamuvi koloza m'mwamba. Kadineni. Tizithunzi tonse timene taonekato ndi mapulogalamu amene akugwira ntchito panopa inu musanawatsegule. Ngati tadzaza mizere itatu, mwapeza kale poyambira.

Ngati kompyutayo ndi ya ku ntchito, kaya ku Capital Hill, ku banki kapena ku bungwe, funsani kaye a IT. Zina zimene zikuoneka zachabe anaziika dala, ndipo nthawi zina makinawo amakhala okhomedwa moti simungasinthe kanthu.

Malo oyamba: Task Manager

Pa Windows 10 ndi Windows 11 dinani mabatani atatu awa pamodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Ngati chatseguka ndi kawindo kakang'ono kopanda zambiri, dinani More details m'munsimo. Pa Windows 10 pitani pamwamba pamene alemba Startup. Pa Windows 11 ya masiku ano mawu ake ndi Startup apps, ndipo ali m'mbali, kudzanja lamanzere.

Muona mndandanda. Ujambuleni ndi foni musanasinthe chilichonse, kuti mukasokoneza mudziwe mmene zinalili. Mzere uliwonse uli ndi dzina la pulogalamu, kampani imene inaipanga pansi pa Publisher, ndiponso Status, pamene pamalembedwa Enabled ngati imadzitsegula kapena Disabled ngati inaletsedwa. Kumapeto kuli Startup impact, pamene Windows imakuuzani kulemera kwa pulogalamu iliyonse poyaka. Siimangolota. High ndi pulogalamu imene yagwira purosesa kupitirira sekondi imodzi, kapena yawerenga ndi kulemba pa disiki zoposa 3 MB. Low ndi imene yatenga nthawi yosakwana mamilisekondi 300 ndi zosakwana 300 KB. Medium ili pakati pa ziwirizi. Not measured ikutanthauza kuti Windows sinapeze mpata woiyeza. Dinani pa mawu akuti Startup impact kuti zolemera zikhale pamodzi, muyambire pamenepo.

Kuletsa n'kosavuta. Dinani dzina la pulogalamu ndi batani lamanja la mausi, musankhe Disable. Basi. Pulogalamuyo siichoka mu kompyuta, mafayilo anu sakhudzidwa, ndipo mukaifuna mudzaitsegula nokha monga mwa masiku onse. Mukasintha maganizo mudzabwerera pomwepo n'kusankha Enable. Apa ndi pamene anthu ambiri amachita mantha pachabe, poganiza kuti akaletsa Zoom ndiye kuti msonkhano wa mawa walephereka. Linki ya msonkhano ikadzabwera, Zoom idzatseguka.

Chovuta si kudina, koma kusankha. Ine ndimagwiritsa ntchito funso limodzi: kodi pulogalamuyi ili ndi ntchito yoti igwire ine ndisanaiitane? Spotify, uTorrent, Zoom, Steam, iTunes Helper, SHAREit, CCleaner, tija ta Adobe tofufuza zatsopano, zonsezi zilibe. Letsani. IDM nayo letsani. Skype inatsekedwa ndi Microsoft mu Meyi 2025, choncho ngati ikadali pa mndandanda wanu ingoichotseratu mu kompyutamo. uTorrent ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa kwa munthu wa bandulo, chifukwa ikatseguka siimangokhala: imatumiza kwa anthu ena mafayilo amene munatsitsa kale, ndipo mamegabayiti amenewo akuchoka kwa inu.

Teams, WhatsApp ndi Telegram zimadalira ntchito yanu. Ngati abwana amakufunani pa Teams m'mawa uliwonse, isiyeni. Ngati mumailowa kamodzi pa mwezi, palibe chifukwa choti izidzuka nanu tsiku ndi tsiku.

OneDrive, Google Drive ndi Dropbox n'zofunika kuziganizira kaye. Ntchito yawo ndi kutumiza mafayilo anu pa intaneti mwakachetechete. Wophunzira wa ku Bunda amene akulemba kafukufuku wake mu foda ya OneDrive asailetse, chifukwa akailetsa zimene akulembazo zizikhala pa laputopu pokha mpaka tsiku limene adzaitsegule, ndipo laputopu imabedwa, imagwa, imapsa magetsi akabwera mwamphamvu. Koma ngati simunasungepo kanthu kumeneko, iletseni.

Zosiya zilipo. Antivayirasi isiyeni. Chilichonse chokhudza mawu, sikirini ndi kogwira ndi chala kaja chisiyeninso: mayina ake amakhala ngati Realtek, Intel, Synaptics, Waves, kapena okhala ndi mawu akuti Hotkey. Mukaletsa zimenezi kompyuta iyakabe, koma mutha kupeza kuti mabatani okweza mawu asiya kugwira, kapena mahedifoni sakudziwika mukawalowetsa, n'kuyamba kufunafuna vuto kumene kulibe. Phindu lake n'lochepa, chifukwa zambiri mwa izo zimakhala Low. Windows Security notification icon ndi kachizindikiro chabe, kukaletsa sikuzimitsa chitetezo, koma n'kopepuka ndipo ndi kamene kamakuchenjezani, ndiye kasiyeni. Amene muli ndi malo ojambulitsira ndi kupulintira mapepala, pulogalamu ya pulinta kapena sikana imene mumadyera muisiye.

Kunena za antivayirasi, pali makompyuta amene mumapeza muli atatu: Avast, McAfee amene nthawi yake yaulere inatha kalekale, ndi wina wowonjezera. Amenewa si oti muwaletse pa Startup, ndi oti muwachotse, mutsale ndi mmodzi. Windows 10 ndi 11 zili kale ndi Microsoft Defender mkati, amene amadzizimitsa yekha mukaika antivayirasi wina ndipo amadzukanso mukamuchotsa winayo.

Mukapeza dzina losalidziwa musalote. Dinani ndi batani lamanja, musankhe Search online kuti muwerenge za ilo, kapena Open file location kuti muone kumene fayiloyo ikukhala. Ya mu Program Files, yokhala ndi dzina la kampani, kawirikawiri ndi yabwinobwino. Ya mu AppData kapena Temp, ya dzina la zilembo zosamveka ndiponso yopanda Publisher, ikayikireni. Mutha kuonanso zambiri mukadina ndi batani lamanja pa mzere wa mitu pamwamba paja n'kuchonga Command line. Pamenepo mzere uliwonse uonetsa njira yonse ya fayilo yake. Nthawi zina pamakhala kanthu kongolembedwa kuti Program, kopanda chithunzi: kawirikawiri ndi zotsalira za pulogalamu imene inachotsedwa kale, ndipo kuiletsa sikulakwitsa kanthu.

Mukatha, dinani Restart, muyesenso nthawi, muone ngati mawu, Wi-Fi ndi pulinta zikugwira. Zodziwika zija mutha kuziletsa zonse nthawi imodzi. Zokayikitsa letsani chimodzi, muyambitsenso, kenako china. Zimachedwetsa, koma chikasokonekera mumadziwa cholakwa.

Mndandanda womwewu ukupezekanso mu Settings, kenako Apps, kenako Startup, pamene pali timabatani ta On ndi Off. Ndi chinthu chimodzi, mwangolowera khomo lina. Ngati muli pa Windows 7, imene ikadalipo m'malo ena obenera nyimbo ngakhale Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, Task Manager ilibe mbali imeneyi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msconfig, pitani pa Startup, muchotse chochonga pa zimene simukuzifuna.

Amene amabwerera

Pali mapulogalamu amakani. Mwaletsa lero, sabata yamawa adzikonza okha n'kudzilembetsanso. Amenewa muyenera kuwauza m'kati mwawo momwe. Mu uTorrent pitani pa Options, Preferences, General, muchotse chochonga pa mawu onena zoyamba pamodzi ndi Windows. Mu IDM ndi pa Options, General, pamene alemba Launch Internet Download Manager on startup. Mu Teams ndi pa Settings, General, mawu okhala ndi Auto-start. Mu Spotify ndi pa Settings, pansi pa Startup and window behaviour, musankhe No.

Edge ndi Chrome nazo zili ndi khalidwe lomweli. Edge ili ndi chinthu chotchedwa Startup boost, chimene chimaidzutsa mobisa kompyuta ikangoyaka kuti idzatseguke msanga mukadzaifuna. Ngati simugwiritsa ntchito Edge, kazimitseni mu Settings yake, ku mbali ya System and performance. Chrome ili ndi Continue running background apps when Google Chrome is closed pansi pa Settings, System. Zimitsani.

Ndiye pali china chimene chimazunguza anthu: mwaletsa zonse, komabe mukayatsa mukupeza mapulogalamu amene munali nawo dzulo atseguka okha. Apa wolakwa ndi Windows mwini. Pitani mu Settings, Accounts, Sign-in options, mupeze pamene alemba za restartable apps, muzimitse.

Poti mwafika kale mu Settings, chitaniponso ichi chifukwa cha bandulo. Lumikizani kompyuta ku MiFi kapena ku foni yanu, pitani pa Network & Internet, Wi-Fi, mutsegule dzina la netiweki yanuyo, muyatse Metered connection. Windows idziwa kuti intaneti imeneyi ndi yogula pang'onopang'ono, ichepetsa zimene imatsitsa payokha, ndipo OneDrive imayamba yaima kutumiza mafayilo. Si mapulogalamu onse amene amamvera lamuloli, uTorrent samva, koma limathandiza.

Foda ya Startup

Dinani batani la Windows ndi R, lembani shell:startup, dinani Enter. Itseguka foda. Chilichonse chili m'menemo chimatseguka inu mukalowa mu kompyuta. Ya anthu onse ogwiritsa ntchito kompyutayo imatseguka ndi shell:common startup. M'mafoda amenewa kawirikawiri mumakhala ma shortcut, tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, ndipo kufufuta shortcut sikuchotsa pulogalamu.

Foda imeneyi ndi yabwinonso mbali ina. Ngati muli ndi shopu ku Kawale ndipo m'mawa uliwonse mumayamba ndi kutsegula fayilo ya Excel ya malonda, pangani shortcut ya fayiloyo, muiike mu shell:startup. Muzipeza yatseguka kale. Ikani shortcut, osati fayilo yeniyeniyo.

Malo obisika

Anthu ambiri akafika apa atha, ndipo palibe cholakwika. Zotsatirazi n'za amene kompyuta yawo ikulemerabe kapena akuona chinthu chikutseguka chimene sichikupezeka pa mindandanda ija. Musanayambe, lembani Create a restore point pa malo ofufuzira a Windows, mudine Create, kuti pakhale pobwerera.

Malo ena ndi Task Scheduler. Windows ndi R, lembani taskschd.msc, dinani Task Scheduler Library kumanzere. Pakati paoneka ntchito zimene zinakonzedwa kuti zizichitika zokha, ndipo pansi pa Triggers muona nthawi yake. Zimene zalembedwa At log on kapena At system startup ndi zimene zimadzuka ndi kompyuta. Makampani amabisa kuno timapulogalamu tawo tofufuza zatsopano. Za Chrome ndi Edge zisiyeni, chifukwa zimatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Za mapulogalamu amene munachotsa kale kapena simuwafuna, dinani ndi batani lamanja, Disable. Mu foda ya Microsoft musalowemo.

Malo enanso ndi ma service, mapulogalamu opanda windo amene amayamba ngakhale musanalembe pasiwedi. Dinani Windows ndi R, lembani msconfig, pitani pa Services, ndipo musanachite chilichonse chongani Hide all Microsoft services. Osadumpha pamenepa. Pali anthu amene amadina Disable all asanabise za Microsoft, kompyuta n'kuyaka yopanda intaneti, yopanda mawu, nthawi zina n'kukana PIN yolowera. Zikabisika, zotsalazo ndi za makampani ena. Ngati mukusaka imene ikuvutitsa, letsani theka, muyambitsenso. Vuto likatha ndiye kuti lili mu theka limene mwaletsalo, ligaweninso pakati, mpaka mupeze imodzi. Kenako bwezeretsani zina zonse.

Mudzamvanso za Registry, nkhokwe imene Windows imasungamo makonzedwe ake, makamaka malo otchedwa Run pansi pa Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion. N'zoona kuti mapulogalamu ambiri amalembetsa kumeneko, koma Task Manager imaonetsa kale zimene zili uko. Ine sindiona chifukwa choti munthu azikafufuta ndi dzanja mu regedit, pulogalamu yotsegulira Registry, kumene kulibe batani lobwezera.

Bola Autoruns. Ndi pulogalamu yaulere ya m'gulu la Sysinternals, limene anayambitsa Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell ndipo Microsoft inaligula mu 2006. Itsitseni pa webusayiti ya Microsoft yokha, osati kwina. Ndi yaing'ono, siifuna kuikidwa, imagwira ngakhale ili pa fulashi. Itseguleni ndi Run as administrator, pitani pa Options muonetsetse kuti Hide Microsoft Entries yachongedwa, kenako yambani ndi mbali ya Logon ndi ya Scheduled Tasks. Malo onse tatchulawa imawaonetsa pamodzi. Mizere yachikasu ndi ya mafayilo amene kulibenso. Yapinki ndi ya mafayilo opanda siginecha yotsimikizika ya kampani, zimene sizitanthauza kuti ndi vayirasi, koma kuti muyang'ane kawiri. Pa Options, Scan Options, pali Check VirusTotal.com, imene imafunsa ma antivayirasi ambirimbiri za fayilo iliyonse ngati muli pa intaneti. Poletsa ingochotsani chochonga. Delete musamukhudze, ndipo mbali ya Drivers musalowemo ngati si ntchito yanu.

Vayirasi ya pa fulashi

Aliyense amene anakapulintitsapo kalata m'tauni kapena kukabenetsa nyimbo akuidziwa: mafoda onse pa fulashi asanduka ma shortcut. Vayirasi imeneyi imakhala mu kompyuta chifukwa nayonso imadzilembetsa pa Startup, ndiye fulashi iliyonse imene mwalowetsa imadwalanso ngakhale mutaifomata kangati. Pa Command line muizindikira ndi mawu akuti wscript.exe otsatana ndi fayilo yothera ndi .vbs kapena .js, yokhala mu AppData kapena Temp. Kungodina Disable sikukwanira, popeza ikadali kugwira ntchito ndipo imadzilembetsanso pomwepo. Pitani kaye pa Details mu Task Manager, mupeze wscript.exe, mudine End task, kenako muiletse pa Startup, mufufute fayiloyo. Mukatero tsegulani Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, musankhe Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta iziyambitsanso yokha n'kusesa Windows isanadzuke. Onetsetsani kuti batire ili ndi moto wokwanira, magetsi angazime ili pakati.

Pa Mac, kuyambira macOS Ventura ya 2022, mndandanda wa mapulogalamu odzitsegula okha uli mu System Settings, General, Login Items. Pa zakale uli mu System Preferences, Users & Groups, Login Items. Pa Ubuntu fufuzani Startup Applications, kapena muyang'ane mu foda ya .config/autostart.

Ikachedwabe

Tsegulani Task Manager kompyuta itangoyaka, pitani pa Performance. Ngati Disk yakhala pa 100% kwa mphindi zingapo pamene mndandanda wa Startup mwauchepetsa kale, vuto lili pa hard disk. Windows 10 ndi 11 zimavutika pa disiki yozungulira, ndipo palibe pulogalamu yoti “booster” kapena “cleaner” imene ingachiritse zimenezo. Yambiri mwa iyo ikangoikidwa imadzilembetsa pa Startup pomwepo. Chothandiza ndi kuika SSD, disiki yothamanga yopanda zozungulira, m'malo mwa hard disk. Malaputopu ambiri akale amalandira SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ndipo ya 256 GB imakwana Windows, Office ndi mafayilo a ntchito. Ngati ndi Memory, ndiye kuti RAM, imene ikukhala pafupi kudzaza inu musanatsegule kanthu, funsani ngati laputopuyo ili ndi malo owonjezera RAM kuti ifike 8 GB. Popita kwa okonza tengani nambala ya mtundu wa laputopu, imene imalembedwa kunsi kwake, ndipo mafayilo anu muwakopere kaye pena. Akamaikamo Windows yatsopano muwauze mapulogalamu amene mukufuna, kuti basela uja asabwererenso. Muwafunsenso ngati makinawo angalandire Windows 11, chifukwa Windows 10 nthawi yake yosamalidwa ndi Microsoft inatha pa 14 Okutobala 2025.